Kunena Zoona kwa Alimi pa Nkhani ya Cheza cha Nyukiliya



Mu 2018 dziko la Zambia linatulutsa mitundu iwiri yatsopano ya khobwe, amene kumeneko amatchedwanso nyemba. Mitunduyi inapatsidwa maina a mitsinje ya kum'mawa kwa dzikolo, Lunkhwakwa ndi Lukusuzi, ndipo amene anaikonza ndi akatswiri a Yunivesite ya Zambia pamodzi ndi a bungwe lofufuza zaulimi la ZARI. Ndi khobwe wocha msanga ndiponso wopirira chilala, kotero mlangizi savutika kumuyamikira pamaso pa alimi. Koma pali mbali imodzi ya mbiri yake imene mlangizi akhoza kuyesedwa kuti ailumphe: makolo a mbeu imeneyi anawombedwa dala ndi cheza cha nyukiliya asanabzalidwe m'munda wofufuzira.

Mlimi akafunsa kumene mbeuyo inachokera, kodi mlangizi aulule, kapena angoti ndi mbeu ya makono basi? Ayenera kuulula. Amene akadye khobweyo ndi mlimi pamodzi ndi ana ake, choncho ali ndi ufulu wodziwa. Ndiponso chimene mlangizi wabisa lero, mawa chidzamveka kumsika, chitasinjiridwa kale ndi anthu amene sachidziwa.

Vuto loyamba ndi mau enieniwo. Pa wailesi amati radiyeshoni, ena amati poizoni wa nyukiliya, enanso amangoti kuwala. Mau akuti poizoni amaopseza anthu pa zinthu zosaopsa, pamene mau akuti kuwala amachepetsa zinthu zimene zingaphe munthu. Mau oyandikira ndi akuti cheza, monga cheza cha dzuwa, malinga womverayo auzidwe kuti cheza ichi sichioneka, sichinunkha, sichimveka kutentha pakhungu, ndipo chimalowerera mpaka m'kati mwa thupi.

Pansi pa dzina limodzili pali zinthu zitatu zosiyana kwambiri, ndipo moto wa pakhomo ungathandize kuzisiyanitsa. Pali chimanga chimene chawotchedwa pamoto: chasintha ndithu, koma sichinyamula moto m'kati mwake. Pali khala la moto limene lili m'mbaula: n'lothandiza likakhala m'malo mwake, koma limapsereza wolitola ndi manja. Ndiye pali phulusa la moto limene mphepo yamwaza pa udzu wouma. Mlangizi amene amayankha zitatu zonsezi ndi mau amodzi akuti "palibe vuto" amanama pa ziwiri. Amene amati zonse n'zoopsa amanama pa chimodzi, ndipo amamanitsa alimi mbeu yabwino.

Zimene zangodutsa pa cheza

Njira yosinthira mbeu ndi cheza si yatsopano. Mu 1928 Lewis Stadler wa ku America anaonetsa kuti makina a X-ray amasintha chibadwa cha mbeu ya barele. Mu 1964 mabungwe a FAO ndi IAEA anakhazikitsa nthambi imodzi yoona za ntchito zotere, ndipo kufikira lero maiko ambiri amatumiza mbeu ku nyumba yofufuzira ya ku Seibersdorf, ku Austria, kuti ikawombedwe. Mitundu ya mbeu yopitirira 3,000 yatuluka mwa njira imeneyi pa dziko lonse. Mbeu imaikidwa kwa kanthawi pafupi ndi chitsulo cha cobalt-60, chimene chimatulutsa cheza cha gamma. Chezacho chimadutsa n'kusiya timasinthidwe m'chibadwa cha mbeuyo, koma sichitsalira m'menemo. Zambiri mwa zomera zotuluka apo zimakhala zopanda pake ndipo zimatayidwa. Wofufuza amabzala ndi kusankha nyengo zingapo mpaka atapeza chomera chimodzi chabwino ndi chokhazikika. Motero thumba limene lafika kwa mlimi ndi la zidzukulutudzi za mbeu imene inawombedwayo.

Funso lina lidzabwera ndithu, makamaka kwa amene akukumbukira chaka cha 2002, pamene boma la Zambia linakana chimanga cha chithandizo chifukwa chinali cha GMO. Yankho loona n'lakuti mbeu ya GMO imaikidwa chibadwa chochokera kwina, pamene mbeu yowombedwa ndi cheza siilandira kanthu kochokera kunja. Chimene chachitika ndi kufulumizitsa masinthidwe amene amachitika okha m'munda mwa apo ndi apo. Mlimi akamva zimenezi n'kukanabe, ndi ufulu wake. Si bwino kumuseka pamaso pa anzake, kapena kumuchotsa pa mndandanda wa zinthu zina zimene gulu likulandira.

Chitsanzo chachiwiri ndi cha kashembe. Pa chilumba cha Unguja, ku Zanzibar, ntchentche zimenezi zinkafalitsa matenda a kaodzera wa ng'ombe. Kuyambira mu Ogasiti 1994 mpaka mu Disembala 1997, ndege inamwaza ntchentche zazimuna pafupifupi 8.5 miliyoni, zoswedwa ku Tanga ndi kuwombedwa ndi cheza kuti zisabereke. Yaikazi ya m'tchire ikakumana ndi yaimuna yotere siiswa, ndipo mtundu umanka nuchepa. Ntchentche yomaliza ya m'tchire inagwidwa mu Seputembala 1996. Woweta ng'ombe aliyense amamvetsa zimenezi akakumbutsidwa za mfule: inafulidwa, koma siyenda ndi mpeni, ndipo siingafule inzake poikhudza. Mfundo imeneyi njofunika kuinena momveka, pakuti m'chigawo chino mau akuti kusabereka sachedwa kubala mphekesera yakuti boma likufuna kutseka mimba za amai.

Koma choonadi chili ndi mbali inanso imene siikoma kunena. Kashembe wamwamuna amayamwa magazi monga wamkazi, ndipo kuwombedwa ndi cheza sikumuletsa kuluma. N'chifukwa chake ku Zanzibar ntchentchezo zinkayamba zamwetsedwa magazi osakaniza ndi mankhwala a kaodzera zisanamwazidwe. Woweta amene wauzidwa kuti "ntchentchezi sizichita kanthu", kenaka n'kuziona zili mbuu pa ng'ombe zake, sadzakhulupiriranso mau ena alionse a mlangiziyo. Ayenera kuuzidwa ntchito isanayambe kuti ntchentche zidzayamba zachuluka, kuti zidzaluma, ndi zimene zachitidwa kuti zisafalitse matenda.

Za chakudya n'zachidule. Mu 1980 akatswiri a FAO, IAEA ndi WHO anagwirizana kuti chakudya chowombedwa ndi cheza pa mlingo wovomerezeka sichivulaza wochidya, ndipo ku South Africa njirayi yagwiritsidwa ntchito kwa zaka zambiri, makamaka pa zokometsera ndiwo. Imapha anankafumbwe ndi tizilombo tina, imaletsa anyezi ndi mbatata kuphuka. Koma imachepetsako mavitamini ena monga momwe kuphika kumachitira, siiletsa anankafumbwe atsopano kulowa m'thumba losatseka bwino, ndipo siingadaliridwe kuchotsa poizoni wa chuku amene walowa kale mu mtedza kapena chimanga. Mtedza wa chuku ndi wa chuku basi.

Khala la m'mbaula

Apa ndi pamene mau akuti "palibe vuto" angaphe munthu. M'malo ambiri ofufuzira ndi m'minda ikuluikulu yothirira muli chida choyezera chinyontho cha m'nthaka chotchedwa neutron probe. Chimatsitsidwa ndi chingwe m'paipi ya aluminiyamu yokwiriridwa m'munda. Kunsonga kwake kuli kabotolo ka chitsulo kotsekedwa kolimba, ndipo m'kati mwake muli americium-241 wosakaniza ndi beryllium. Tinthu totuluka m'menemo tikagunda madzi a m'nthaka timachepa liwiro, makina n'kuwerenga kuti madziwo ndi ochuluka bwanji. Chidachi chikachotsedwa, nthaka ndi mbeu zimatsala bwinobwino, ndipo mwini munda akhoza kuuzidwa zimenezi mosakayika. Koma kabotoloko sikazima. Mphamvu ya americium-241 imatenga zaka 432 kuti ichepe ndi theka lokha. Pulojekiti imatha m'zaka zisanu, wofufuza amasamutsidwa, mabuku amasowa, chida n'kutsala m'nyumba yosungiramo katundu pamodzi ndi makasu othyoka ndi mipope yopoperera yakutha, kudikira tsiku limene wina adzagulitse zonsezo kwa ogula zitsulo zakale.

Zimene zingatsatire zinaoneka mu mzinda wa Goiânia, ku Brazil. Pa 13 Seputembala 1987 amuna awiri otola zitsulo analowa m'chipatala chosiyidwa n'kutengamo mutu wa makina ochizira khansa. M'kati mwake munali caesium-137, wamphamvu kuposa wa m'chida cha m'munda kutalitali. Anauboola, nagulitsa kwa wogula zitsulo. Ufa wa m'katimo unkawala mwa mtundu wa buluu mumdima, ndipo mwini malowo anaitana abale ndi anansi kuti adzaone. Ena anapatsidwako, ena anadzipaka pakhungu. Anthu atayamba kusanza ndi kutupa manja, poyamba zinaoneka ngati matenda wamba. Panapita masabata awiri kufikira mkazi wa wogula zitsuloyo atakayikira chinthucho, nachinyamula m'thumba pa basi kupita nacho ku ofesi ya zaumoyo. Anthu pafupifupi 112,000 anayezedwa, 249 anapezeka kuti ufawo unawakhudza, ndipo anai anamwalira, mwa iwo mai uja ndi mtsikana wa zaka 6.

Palibe mmodzi wa anthu amenewa anauzidwapo kuti chinthu chotere chiliko. Chizindikiro cha mapiko atatu chimene chimaikidwa pa zida zimenezi n'chomveka kwa ophunzira okha. Kwa ena chimaoneka ngati duwa kapena chopepera mphepo. Mu 2007 mabungwe a IAEA ndi ISO anaonjezera chizindikiro china chofiira, chokhala ndi chigaza ndi munthu wothawa. Komabe chizindikiro sichilankhula Chichewa. Mlonda wa pa siteshoni, woyendetsa galimoto, waganyu wonyamula bokosi ndiponso mnyamata wogula zitsulo ayenera kuuzidwa pakamwa kuti chidacho sachitsekula, sachikhalira, sachigoneka m'nyumba yogona anthu, ndipo pa ulendo chimakhala kumbuyo kwa galimoto, kutali ndi okwera. Kutalikira kumathandiza kwambiri: munthu akachoka pa mita imodzi n'kuima pa mamita awiri, cheza chomufika chimatsika kufika pa gawo limodzi mwa magawo anai. Chida chikasowa kapena kuphwanyika, nkhani ipite tsiku lomwelo ku bungwe loyang'anira za cheza, monga Atomic Energy Regulatory Authority ku Malaŵi kapena Radiation Protection Authority ku Zambia, ngakhale kutero kuchititse manyazi oyang'anira siteshoni. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Nkhani ya Goiânia ili ndi mchira umene umakhudza alimi. Ufa uja unafalikira m'makomo owerengeka a mu mzinda, osati m'minda. Koma mbiri itamveka, ogula a m'madera ena anayamba kukana katundu wa m'chigawo chonse cha Goiás, ndipo mitengo ya zokolola inagwa. Pa maliro a mtsikana uja khamu la anthu linatchinga njira ndi kuponya miyala, poopa kuti mtembo uipitsa manda. Anthu amene sanauzidwe kanthu ngozi isanachitike analibe poyambira kusiyanitsa choopsa ndi chosaopsa itachitika.

Phulusa lomwazika

Pa 26 Epulo 1986 ng'anjo ya nyukiliya inaphulika ku Chernobyl, ku Ukraine. Boma la Soviet Union linalengeza pa 28 Epulo, dziko la Sweden litazindikira kale ndi zida zake. Utsi unagwetsa iodine-131 pa msipu, ng'ombe zinadya, ndipo ana a m'midzi anapitiriza kumwa mkaka wa ng'ombe za pakhomo. Iodine amakakhala m'chithokomiro, pakhosi. Pofika mu 2005, anthu opitirira 6,000 amene anali ana kapena achinyamata pa nthawi ya ngoziyo ku Belarus, Ukraine ndi Russia anali atapezeka ndi khansa ya chithokomiro, ndipo akatswiri a United Nations amati gawo lalikulu la matendawa linachokera ku mkakawo. Chomvetsa chisoni n'chakuti mphamvu ya iodine-131 imachepa ndi theka pa masiku 8 alionse. Uthenga wofunika unali waufupi, wa mtundu umene mlangizi wa ziweto amapereka tsiku ndi tsiku: ana asamwe mkaka wa ng'ombe zodya kudambo kwa masabata angapo, ndipo ng'ombe zidyetsedwe udzu wosungidwa kale. Dziko la Poland linachita zotere m'masiku oyamba omwewo, nilimwetsanso ana mamiliyoni ambiri mankhwala oteteza chithokomiro.

Ku Britain cholakwa chinali china: kulonjeza mopitirira. Mvula itagwetsa caesium m'mapiri a Cumbria ndi Wales, oweta nkhosa anauzidwa mu Juni 1986 kuti chiletso chogulitsa nkhosa chikhala cha masabata atatu. Akatswiri anawerengera potengera dothi la makande, limene limagwira caesium n'kumutsekera. Koma dothi la m'mapirimo n'la asidi ndi la zinyalala zowolerana, ndipo caesium ankabwererabe mu udzu chaka ndi chaka. Ziletso zomaliza zinachotsedwa mu 2012, patapita zaka 26. Brian Wynne wa pa Yunivesite ya Lancaster, amene anacheza ndi oweta a ku Cumbria, anapeza kuti chimene chinawapweteka mtima si kuphonya kokhako, koma kuti akatswiri analankhula motsimikiza pa zimene sanazidziwe bwino, ndipo sanafunse eni mapiri za dothi lao ndi kadyedwe ka nkhosa zao. Mlangizi wa kuno amene anaonapo malangizo a feteleza a dera lina akukanika pa dothi la kwao sadabwa nazo.

Ng'anjo yopangira magetsi yotere m'chigawo chino ili ku Koeberg, pafupi ndi Cape Town, koma migodi ya uranium ili pafupi ndi minda ndi madambo a anthu. Mgodi wa Kayelekera m'boma la Karonga unatsegulidwa mu 2009, unaima mu 2014, ndipo unayambanso mu 2025. Alimi a mpunga ndi asodzi a kumunsi kwa mtsinje wa North Rukuru ali ndi chifukwa chofunsira za madzi ao. Mlangizi si mneneri wa kampani, ndiponso si mneneri wa otsutsa mgodi. Iye alibe chida choyezera madziwo, choncho sangalumbire kuti ndi abwino kapena oipa. Chimene angachite ndi kutenga funsolo monga lafunsidwira, kupita nalo kwa oyang'anira za cheza ndi za chilengedwe, kupempha zotsatira za kuyeza pamodzi ndi tsiku ndi malo ake, ndi kubwera nalo yankho pa tsiku limene analonjeza. Ngati yankho silinapezeke, abwerebe pa tsikulo kudzanena kuti silinapezeke.

Manambala owerengeka amathandiza, malinga asagwiritsidwe ntchito yotseka anthu pakamwa. Cheza cholowa m'thupi chimayezedwa ndi muyeso wotchedwa milisiveti. Munthu aliyense amalandira pafupifupi 2.4 pa chaka kuchokera ku miyala, nthaka, mlengalenga ndi chakudya chomwe, ndipo m'madera ena zimaposa apa. Kujambulidwa pachifuwa ku chipatala kumapereka 0.1 kapena kucheperapo. Malamulo a maiko ambiri amalola kuti ntchito za anthu zionjezere 1 yekha pa chaka kwa munthu wamba, ndi 20 kwa wogwira ntchito ndi zida zimenezi. Pa milingo yochepa chotere chiopsezo cha khansa n'chaching'ono kwambiri moti n'chovuta kuchiona powerenga odwala, koma akatswiri oteteza anthu amachitenga kuti chilipobe. Tsono mau oona ndi akuti "n'chochepa kwambiri", osati "palibiretu". Ndipo kunena kuti cheza chili paliponse sikuyankha munthu amene akufunsa za chitsime chake. Cha m'chilengedwe sanachisankhe munthu, koma choonjezeracho pali amene anachibweretsa, ndipo ayenera kuyankhapo.

Poti kumudzi mlangizi amaonedwa ngati wodziwa zonse, adzafunsidwanso za chipatala. Wina amakana kujambulidwa pachifuwa pamene akutsokomola mwezi wathunthu; wina wabwera kuchokera ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, ndipo abale akuopa kudya naye mbale imodzi. Mlangizi akhoza kunena kuti chifuwa chachikulu chosapezeka msanga n'choopsa kuposa chithunzicho, ndi kuti munthu wowombedwa ndi makina ochokera kunja kwa thupi satenga cheza kupita nacho kunyumba. Pali mitundu ina ya chithandizo imene mankhwala a cheza amamwedwa kapena kuikidwa m'thupi, ndipo pamenepo achipatala amapereka malangizo ao. Mai woyembekezera auze achipatala asanajambulidwe. Zoposa apa n'za dokotala.

Chotsala ndi nthawi yonenera. Mu 2017 mphekesera ya anamapopa inabuka ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nao. Anthu anaphedwa, ndipo mabungwe ena anachotsako antchito ao kwa kanthawi. M'dera limene linaonapo zotere, mlendo wotsika m'galimoto ndi bokosi, n'kuyamba kutsitsa chingwe m'dzenje la m'munda, amaika moyo wake ndi wa mlangizi pachiswe. Choncho mapaipi asanakwiriridwe, nkhani iyambe yafika kwa a mfumu, kenaka kwa mwini munda ndi mkazi wake yemwe, pakuti nthawi zambiri wopalira pafupi ndi mapaipiwo ndi mai. Aonetsedwe chidacho masana, auzidwe chimene chili m'kati mwake, masiku amene chizidzabwera, ndi mtunda umene ana ayenera kuima. Auzidwenso kuti akhoza kukana. Maina onga nitrogen-15 ndi phosphorus-32, amene amamveka m'kafukufuku wa feteleza, asasakanizidwe: woyambayo satulutsa cheza konse ndipo mbeu zake n'zodyedwa, pamene wachiwiriyo amatulutsa, mphamvu yake n'kumachepa ndi theka pa masiku 14 alionse. Pa kachigawo kothiridwa phosphorus-32 pamafunika mpanda, ndipo zomera zake amachotsa ndi ofufuza okha. Mwini munda auzidwe zimenezi mbeu isanamere, ndipo agwirizane ndi ofufuza za chimene adzapatsidwe m'malo mwa zokolola za pa kachigawoko.